Magazini inalowa chafutambuyo

Kuchipinda kwathu kosungira mfuti, Lolemba ndi tsiku lowerenga. Mfuti iliyonse imatuluka m'kabati, nambala yake igwirizane ndi ya m'buku, zipolopolo ziwerengedwe kawiri. Lachiwiri linathera kupukuta, poti fumbi la Okutobala ku Lilongwe kuno limalowa ngakhale potseka. Anyamata amakonda kuthira oyilo wambiri, osadziwa kuti akuitana fumbi lomwelo.

Nkhani inali Lachitatu masana. Ndangosamba m'manja kuti ndiyambe nsima, analowa mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito, thukuta lili kamukamu.

"Bwana, ndalakwitsa."

"Choyamba lozetsani mfutiyo kumgolo wa mchenga uko, aphwanga, chala kutali ndi trigger, kowombera kaja. Zolakwazo mufotokoza bwino."

Inali Glock 17, pisitolo ija ya ku Austria yolowa zipolopolo 17 za 9mm. Iye amayeserera kusintha mwachangu magazini, kabokosi ka zipolopolo kolowa m'chogwirira mfuti, ndiye anaisolola m'thumba itatembenuka, kutsogolo kuli kumbuyo. Itakana kulowa, m'malo moima anaimenya ndi chikhatho kawiri. Inalowa mpaka pakati n'kukakamira pompo. Mnzake anali atayesa kale kuikoka ndi pulayasi, mano ake amaoneka papulasitiki. Izi ndiye zinandipsetsa mtima kuposa kulakwitsa kwenikweniko.

Magazini ya pisitolo kutsogolo ndi yobulungira, kumbuyo yathyathyathya, ndipo bowo la m'chogwirira analiumba chimodzimodzi. Kabatani kotulutsira kaja ntchito yake n'kuchotsa kadzino kamene kamakola mpata wa pamagazini. Ikalowa motembenuka, kadzinoko sikanakole kanthu. Yangopanikizika ngati chitsekerero m'botolo. Mutha kudina batani mpaka dzuwa kulowa, siigwa.

Ndinakokera slide, chitsulo chapamwamba chotsetsereka chija, kumbuyo n'kuikoleka, ndinasuzumira m'chemba, momwe chipolopolo chimakhala podikira kuwombedwa, n'kupisamo chala chaching'ono. Munalibe chipolopolo. Koma m'magazini munali 10, ndipo chitsulo sichigogodedwa pamwamba pa zipolopolo zamoyo. Mwayi wake, theka linali panja. Pansi pa magazini ya Glock pali kabowo: mumadinamo ndi kachitsulo kowonda, kufinya m'mbali, n'kukankhira chivundikirocho kutsogolo. Chala chachikulu chizikhala pomwepo chifukwa sipuling'i imatuluka ndi ukali. Ine, wa zaka zonsezi pantchito, ndinaiphonya. Inauluka n'kukalowa kuseri kwa kabati, mnyamata uja akuluma mlomo kuti asaseke.

Zipolopolo zinakhuthukira pathaulo, tinaziwerenga tonse awiri, 10 ndithu. Kwatsala chikhokhombe chokha. Ndinadonthezera oyilo pang'ono m'mbali, ndinatenga kamtengo kosalala n'kukalowetsa chapamwamba, pamene pamatulukira makoko a zipolopolo. Ndinagogoda pang'onopang'ono ndi nyundo yalabala, dzanja lina likugwedeza chakumunsi. Kachinayi inangoti pholokoto patebulo.

Mfutiyo sinavulale: magazini ina inalowa ndi kutuluka bwinobwino, trigger ikubwerera monga mwa masiku onse. Koma yokakamirayo milomo yake yapamwamba, yogwira chipolopolo, inali itakanuka pang'ono. Yotere imaoneka yabwino m'manja, kenako imakana kupereka chipolopolo tsiku limene mukuchifunitsitsa. Lachinayi ndinailemba kuti yatha ntchito. Mu lipoti ndinanena zoona zonse, ndi zapulayasi zomwe, koma ndinaonjezera kuti mnyamatayo anabwera yekha. Ndinaonapo ena akubweza mfuti yotere m'kabati mwakachetechete kuti mlandu ugwere wolowa usiku.

Lachisanu m'mawa ndinawafoletsa onse asanu ndi mmodzi, ndi magazini zopanda kanthu. M'thumba zonse ziyang'ane mbali imodzi. Posolola, chala cholozera chigone kutsogolo kwa magazini, nsonga yake ifike pamene pamakhala mutu wa chipolopolo, ndiye ngakhale mumdima dzanja limadziwa lokha. Tinabwereza mpaka wina anadandaula kuti tiyi wazizira.

Sipuling'i ija anaipeza ndi mayi amene amasesa, madzulo ndikutseka kuti ndikathamangire minibasi ya ku Area 25. Anandipatsa ataikulunga m'pepala, n'kufunsa ngati ndi ya wailesi.