Musawafunse pamaso pa bwana

Dzulo tamaliza kuunika ngati bungwe lina kuno ku Mangochi lili lokonzeka kusintha kapangidwe kake ka mapulogalamu a pa kompyuta. Olemba mapulogalamu alipo 9 okha, ndiye CMMI, ndondomeko younikira kagwiridwe ka ntchito ka bungwe yomwe ili ndi magawo asanu, tinaisiya. Tinatenga ndondomeko ina, ISO/IEC 29110, yomwe inalembedwera magulu osaposa anthu 25.

Chimene chikundiwawabe ndi tsiku loyamba. Akuluakulu anaumirira kuti tiyambe ndi msonkhano ku loji ina m'mphepete mwa nyanja. Holo talipira, nkhomaliro ya chambo, ma alawansi. Bwana anakhala kutsogolo, ife n'kugawa pepala la mafunso 40. Kodi mumayesa pulogalamu musanaipereke? Inde. Mumalemba zimene kasitomala wapempha? Inde. Mapepala onse anabwerera ali inde yekhayekha. Ndani angalembe ayi bwana akumuyang'ana? Tsiku lonse linapita padera, ndalamanso.

Zoona zinatuluka titayamba kukhala ndi munthu mmodzimmodzi, mphindi 30, pa desiki pake, chitseko chotseka. Osamufunsa ngati amachita chakuti, muuzeni akuonetseni. Atsegule Git, pulogalamu yosungiramo code (malemba amene amapanga pulogalamu) ndi mbiri ya zonse zimene zasinthidwa, muone tsiku limene anasungako komaliza, ndi amene anaunika zimene anasinthazo. Ife tinapeza code ya pulojekiti yaikulu ili pa laputopu imodzi ndi pa flash. Zolakwika za pulogalamu amauzana pa gulu la WhatsApp, mawa lake zakwiririka ndi mauthenga a maliro. Backup (kope losungidwa padera kuopa ngozi) ilipo, koma palibe anayesapo kuibwezeretsa.

Ndaiwala, Lachisanu masana musaikepo munthu woti mumufunse mafunso, ambiri amakhala ku mzikiti. Ife tinasuntha anthu atatu chifukwa cha zimenezi.

Komatu chisokonezo chotere sichitanthauza kuti bungwe silingasinthe. Kukonzeka kumaoneka pena: kodi pali mkulu amene wavomera kusenza nkhaniyi, ndipo apereka maola angati pa sabata kwa antchito? Akangoti "adzachita akapeza mpata", dziwani kuti sanakonzeke. Funsaninso za kusintha komwe anayesa m'mbuyomu, kuti kunathera pati. Funso limeneli makamaka, bwana asakhalepo.

Mu lipoti tinangolemba ziwiri zoyambira miyezi itatu ikubwerayi: code yonse ilowe mu Git, ndipo pempho lililonse la kasitomala lilembedwe ntchito isanayambe. Za maola bwana sanayankhebe.