Mano a chilombo pa mbiya za ku Peru

Kwa masabata angapo tsopano ndakhala ndikuyang'anitsitsa zithunzi za mbiya zakale zimene zimasungidwa ku Museo Larco, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Lima ku Peru, ndipo chimene chandikhala pamtima kwambiri ndi mano. Anthu a mtundu wa Moche, amene ankakhala m'zigwa za kugombe la kumpoto kwa Peru kuyambira cha m'ma 100 mpaka cha m'ma 800 AD, akafuna kusonyeza kuti chimene aumbacho si munthu wamba, ankachipatsa mano a jaguar, chilombo chamawangamawanga chofanana ndi nyalugwe. Nkhope ndi ya munthu, manja ndi a munthu, koma pakamwa patuluka mano osongoka, ndipo m'chiuno muli lamba amene nsonga zake ndi mitu ya njoka.

Chizindikirochi sichinayambe ndi iwo. Zaka mazana ambiri m'mbuyomo, pa kachisi wa ku Chavín de Huántar, m'mapiri opitirira mamita 3,000, amisiri ankagoba kale jaguar ndi ng'ona pamiyala, ngakhale kuti nyamazi kwawo ndi kunkhalango zotentha za ku Amazon. Mphamvu ankaiona ngati chinthu chochokera kutali.

N'chifukwa chake sindivomereza anthu akamanena kuti nyamazi n'zokongoletsa chabe. A Moche analibe zilembo, choncho nkhani zawo zinkakhala padongo, ndipo nyama iliyonse ankaipatsa ntchito yogwirizana ndi khalidwe lake. Pa mitsuko ina, yojambulidwa ndi mizere yopyapyala yofiirira pamwamba pa dongo loyererapo, pamaoneka anthu othamanga mondondozana atagwira timatumba m'manja, ena ali ndi mutu wa nkhandwe, ena mapiko a mbalame, pakuti mthenga amafunika liwiro. Kadzidzi ndiye amandichititsa chidwi koposa. Popeza amaona mumdima pamene ena onse akhala akhungu, woumba ankaika nkhope yake pa asing'anga, makamaka aakazi, amene amaoneka atakhala pansi atafunda nsalu kumutu.

Ngakhale kuti mbiya zambiri ankaziumba pa chikombole, nthenga zozungulira maso a kadzidziyo n'zolondola moti zikuoneka kuti mmisiri anaidziwa bwino mbalameyo isanakhale chizindikiro. Zambiri mwa mbiyazi zinapezeka m'manda, zitaikidwa pambali pa womwalira.