Ulendo wathu wa ku Geneva ndi Strasbourg: kodi boma lingasake munthu n'kumupha osamuzenga mlandu?

Tinalipo 12, ophunzira zamalamulo 11 ndi aphunzitsi athu. Funso lomwe tinanyamula linali limodzi: boma likasankha munthu, n'kumulondalonda miyezi ingapo, kenako n'kumuphulitsa ndi ndege ya drone (ndege yopanda woyendetsa m'kati mwake) ponena kuti ndi chigawenga, malamulo a pakati pa mayiko amati chiyani? Ine ndinanyamuka nditagamula kale mumtima kuti wopha anthu osalakwa palibe chomuchedwera.

Ku Geneva tinayambira kunyumba yosungiramo mbiri ya Red Cross, pafupi ndi Palais des Nations, maofesi a United Nations mumzindawo. M'menemo muli makhadi mamiliyoni a akaidi a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, munthu aliyense ndi dzina lake. Tinangodutsamo mofulumira, koma makhadiwo anandikhala m'maganizo ulendo wonse.

Masana tinakhala pansi ndi mayi wina, loya wodziwa malamulo ankhondo. Iwo anati malamulo okhudza nkhaniyi alipo awiri, ndipo sayankha mofanana. Pankhondo pamagwira ntchito Mapangano a ku Geneva a 1949 ndi owonjezera ake a 1977. Pamenepo msilikali wa adani angathe kuphedwa popanda mlandu, koma munthu wamba ndi wotetezedwa, pokhapokha akalowerera mwachindunji m'kumenyanako, ndiponso kwa nthawi yokhayo imene akulowererayo. Kumene kulibe nkhondo kumagwira ntchito pangano la ufulu wa anthu la 1966, lomwe ndime 6 yake imaletsa kuchotsa moyo wa munthu mwachisawawa. Kumeneko boma liyenera kugwira munthu n'kupita naye kukhoti, ndipo kupha kumaloledwa ngati palibenso njira ina yopulumutsira moyo womwe uli pangozi nthawi yomweyo.

Apa m'pamene ndinaona pagona nkhani. Boma likangotha kutchula malo kuti pali nkhondo, lapeza chilolezo chimene wapolisi alibe. Gulu la zigawenga la al-Qaeda litaukira America pa 11 Sepitembala 2001, dzikolo linati lili pankhondo ndi gululo kulikonse kumene lili. Mu Novembala 2002 ndege ya drone ya America inapha anthu 6 m'galimoto ku Yemen, dziko lomwe silinali pankhondo ndi America. Ngati nkhondo imayenda ndi munthu amene akusakidwayo, ndiye kuti msewu uliwonse umene wadutsa wasanduka bwalo lankhondo, pamodzi ndi onse okhala m'mbali mwake. Zimenezi zinandiopsa.

Mnzathu wina anakweza dzanja. "Nanga mayi, dziko limene munthuyo wabisalako likakana kumugwira, kapena likalephera, enawo angokhala manja lende mpaka bomba liphulike?" Mayiwo sanalipeputse funsolo. Anati ndime 2(4) ya pangano lokhazikitsa United Nations imaletsa kugwiritsa ntchito zida m'dziko la eni, ndipo ndime 51 imalola kudziteteza dziko likaukiridwa. America ndi Britain amati ndimeyi imawalola kumenya zigawenga m'dziko lomwe lakana kapena lalephera kuzithetsa, koma mayiko ena ambiri sanavomereze kamasuliridwe kameneka. Anatikumbutsanso za Qasem Soleimani, mkulu wa asilikali a Iran amene anaphedwa pafupi ndi bwalo la ndege la Baghdad pa 3 Januwale 2020. Agnès Callamard, yemwe nthawi imeneyo ankafufuzira United Nations za kuphedwa kwa anthu popanda mlandu, analemba chaka chomwecho kuti kuphako kunaswa malamulo chifukwa America sinaonetse umboni woti chiwembu chinali pafupi kuchitika.

Tsiku lachitatu tinakwera sitima kupita ku Strasbourg, kukhoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu. Aphunzitsi athu anatisankhira mlandu umodzi wokha, wa McCann. Mu 1988 asilikali a Britain anawombera McCann ndi anzake awiri a IRA, gulu la zida lomwe linkalimbana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland, ali ku Gibraltar, poganiza kuti aphulitsa bomba la m'galimoto. Atatuwo analibe zida, ndipo m'galimoto yomwe anaimika munalibe bomba, ngakhale kuti chiwembu ankakonzadi. Mu 1995 khotilo, oweruza 10 kutsutsana ndi 9, linapeza kuti Britain inaphwanya ufulu wokhala ndi moyo. Silinaloze chala asilikali owomberawo, amene anakhulupirira zomwe anauzidwa. Linaloza amene anakonza ntchitoyo, chifukwa anali ndi mpata wowagwira anthuwo pamalire koma anawalola kulowa. Chigamulo ichi ndinachikonda kwambiri, poti chimafunsa funso loyenera kwa munthu woyenera: iwe wokhala mu ofesi, unayesa njira ina usanatumize mfuti?

Pobwerera m'sitima tinatsutsana mpaka mawu kusasa. Ena anatchula khoti lalikulu la Israel, lomwe mu 2006 linati kupha kotereku sikungaletsedwe konse kapena kuloledwa konse, koma nkhani iliyonse iunikidwe payokha, ndipo pambuyo pake pakhale kufufuza koima paokha. Ine ndinati mfundo yomalizayo ndi imene imasowa kawirikawiri. Boma lomwe lasankha munthu ndi lomwenso limasunga umboni mwachinsinsi, limapha, n'kudzinenera lokha kuti linalondola. Wakufayo sangayankhe.

Aphunzitsi, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anatikumbutsa za Kabul, likulu la Afghanistan. Pa 29 Ogasiti 2021 ndege ya drone ya America inaphulitsa galimoto ya bambo wina wogwira ntchito yothandiza anthu, poganiza kuti wanyamula mabomba. Ananyamula zigubu za madzi. Anthu 10 anafa, 7 mwa iwo ana. Atolankhani atafukula nkhaniyo, akuluakulu a asilikali anavomera mu Sepitembala kuti analakwitsa, ndipo mu Disembala analengeza kuti palibe msilikali amene alangidwe.

Mnzanga amene anafunsa funso ku Geneva uja anati akuonabe kuti nthawi zina boma silingachitire mwina. Sindinamutsutse. Ndinangomufunsa kuti, atolankhani aja akanapanda kufika pakhomopo, mayina a ana 7 aja akanalembedwa m'buku la ndani, ndipo akanalembedwa kuti anali ndani.