Tsiku limene ndinasanduka loboti

Amene anandipweteketsa ndi mtima wodzionetsera, palibenso wina. Chaka chimenecho anandipatsa ana 40 kuti ndiwaphunzitse coding, luso lolemba malamulo oti kompyuta itsatire, koma makompyuta oyaka analipo 6 okha. Tinkagwiritsa ntchito Scratch, pulogalamu ya kamphaka ija imene inapangidwa ku MIT Media Lab, ku America, n'kutulutsidwa mu 2007. Ubwino wake mwana salemba zovuta, amangokoka timabuloko ta malamulo n'kumatilumikiza, kamphaka n'kumayenda. Kuipa kwake ndinakuona msanga. Pagulu lililonse pankapezeka mmodzi wokumbatira mouse ngati chuma chamasiye, anzake n'kumangoyasamula kumbuyo kwake.

Ndiye ndinati lero tizimitse makompyuta. Nzeruyi si yanga. Tim Bell ndi anzake a ku University of Canterbury, ku New Zealand, anakonza masewera ophunzitsa za makompyuta popanda kompyuta, otchedwa CS Unplugged. Kale lomwe Seymour Papert, mmodzi mwa amene anapanga chiyankhulo cha kompyuta cha ana chotchedwa Logo mu 1967, ankauza ana kuti asanalamule kakamba ka mu Logo kojambula mizere, ayambe ayenda okha njira imene akufuna kuti kayende. Ine ndinangowonjezerapo chinthu chimodzi chimene akuluakuluwo sanandiuze: ndinadzipereka kukhala loboti. Osati maloboti a pamsewu, koma makina aja oyenda ngati munthu.

Ndinawagawa asanuasanu. Mmodzi ajambule mapu a kalasi, awiri alembe malamulo, wina afufuze zolakwika, wotsala awerenge mokweza. Ntchito yake inali yoti loboti ichoke kumbuyo kwa kalasi, ifike kubolodi, itole choko. Pabolodi ndinalemba mawu okhawo amene loboti imamva: pita patsogolo sitepe imodzi, tembenukira kumanja madigiri 90, tembenukira kumanzere madigiri 90, tola, bwereza mpaka. Kenaka ndinatukula chala.

"Loboti siganiza. Imamva wowerenga yekha, ndipo wowerenga amawerenga zimene zili papepala basi. Aliyense wofuula, gulu lake lichotsedwa mamalikisi 10. Mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi!"

Anamvadi, n'chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi. Ndinavula tayi n'kudzimanga nayo m'maso.

Gulu loyamba linalemba kuti "pita kubolodi". Ndinangoti njo, osasuntha ngakhale chala. "Loboti sidziwa bolodi," ndinatero ndi mawu a m'mphuno, kalasi yonse n'kufa nazo. Apa mtima unali m'malo, ndinkadziona ngati mphunzitsi woyenera kujambulidwa. Gulu lachiwiri linawerenga masitepe bwinobwino, kungoti linayezera miyendo ya kamnyamata kakafupi kuposa onse. Masitepe ake 12 kwa ine anakwana pa 8, ndipo wachisanu ndi chinayi ndinaomba bondo pakona ya desiki. Misozi inalengeza, koma tayi inandisungira ulemu. Ndinati, "Mwaona? Sitepe iyenera kukhala ndi muyezo umodzi," uku ndikukukuta mano.

Gulu lachitatu linali ndi mtsikana wina wofatsa koma wochenjera, wa mtundu uja umene umakuyang'ana ukalakwitsa osanena kanthu. Iye anaona kuti kuwerenga masitepe n'kutaya nthawi, ndipo anagwiritsa ntchito loop, lamulo lija la "bwereza mpaka". Ndinamva wowerenga wawo akuti, "Pita patsogolo katatu. Tembenukira kumanja. Bwereza kupita patsogolo mpaka ukhudze khoma." Ndinasangalala zedi. Chimene ndinkafuna kuphunzitsa sabata yotsatira, mwana wachitulukira yekha.

Chimene sindinadziwe n'choti wojambula mapu anawajambula ataima kutsogolo, akuyang'ana anzake. Kumanja kwake kunali kumanzere kwanga. Ndinatembenuka momvera, n'kuloza pakhomo. Ndipo chitseko chinali pululu, chifukwa ndinachitsekula ndekha m'mawa ndikudandaula kutentha.

Loop yotere imaima pokhapokha chimene ikudikira chitachitika. Ine ndinkadikira khoma, khoma kulibe. Ndinayenda manja ali kutsogolo, phazi, phazi, phazi. Ndinamva kamphepo kumaso. Kenaka dzuwa pachipumi. Musaganize kuti sindinakayikire, ndinakayikira ndithu. Koma ndinali nditangolalikira kuti loboti siganiza, ndiye ndikanayamba bwanji kuganiza ana 40 akuona? Ndinati zikafika poipa afuula. M'mbuyo mwangamo munali zii, kupatula timapazi tambirimbiri tonditsatira ndi kupuma kwa anthu amene atseka pakamwa ndi manja. Ndani akanalola kutayitsa gulu lake mamalikisi 10 chifukwa cha mphunzitsi?

Phazi lamanzere linalowa m'ndowa ya madzi okolopera, khuvu! Madzi ozizira mpaka m'sokosi. Ndinayesa kulizula, nsapato n'kukanirira, ndipo ndinapitiriza ulendo ndikukoka ndowayo, gwede, gwede. Masitepe ena atatu, zala zanga zinakhudza chinthu. Chinali chachikulu ndithu, kungoti chofewa, chofunda, chokhala ndi mabatani.

"Khoma lapezeka," ndinalengeza ndi mawu anga aja a loboti.

Wowerenga, mwana wokhulupirika, anali wanditsatira ndi pepala lake. Anawerenga mzere womaliza mawu akunjenjemera: "Tola."

Ndinatola. Chinali cholembera cha m'thumba la malaya.

"Aphunzitsi, zikukhala bwanji apa?"

Mawu amenewo ndinkawadziwa kuchokera kumisonkhano ya Lolemba. Nditatsitsa tayi ndinapeza ahedi ali pamaso panga, pambali pawo alendo awiri amene anabwera kudzaona mmene phunziro latsopanoli likuyendera. Mmodzi anali atatsegula kale kope. Ndinabweza cholembera ndi manja awiri n'kunena kuti, "Pepani bwana, tikuphunzira algorithm," kutanthauza malamulo otsatizana ochitira ntchito. Ahedi anayang'ana ndowa, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa ngati algorithm imeneyo ifunikanso mopu.

Titabwerera m'kalasi ndinafuna kutolera ulemu wanga wotsala. Ndinawafotokozera za 1947, pamene gulu limene katswiri wa makompyuta Grace Hopper ankagwira nalo ntchito linapeza gulugufe wausiku atapanikizika m'kati mwa kompyuta ya Harvard Mark II, n'kumumata m'buku lolembamo zochitika. Pachingerezi kachilombo ndi bug, mawu amene amatanthauzanso cholakwika mu pulogalamu. "Nafenso tipeze bug yathu. Walakwitsa ndani?" Maso anga anali pa wojambula mapu.

Mtsikana uja anakweza dzanja pang'onopang'ono. "Zilipo zitatu, aphunzitsi. Mapu ndi athu, tavomera. Chitseko munatsekula ndinu. Komanso pa mawu amene munatipatsa, palibepo lakuti ima."

Ndinacheuka kubolodi n'kuwerenga kawiri. Panalibedi. Ngakhale Scratch yomweyo ili ndi kabatani kofiira koimitsira zonse, pambali penipeni pa kambendera kobiriwira, ndipo ndinali nditakadina ndekha kambirimbiri.

Kumapeto kwa teremu gulu lililonse linaonetsa gemu imene linapanga. Gulu lachitatu linachotsa kamphaka n'kujambula kamunthu komangidwa tayi m'maso, ndowa kuphazi, koyenda osaima, wosewera n'kumakasunthira makoma kuti kasatuluke panja. Anagwira onse asanu, ndipo aka kanali koyamba kuona mouse ikuyenda m'manja mwa aliyense popanda mkangano. Ndinawapatsa 18 pa 20. Ahedi anaisewera katatu, ndipo katatu konse anakasiya dala kamunthuko kuti katuluke.