The Police ndi noti imene Andy Summers ankaisiya dala

Mtima wakhala pansi tsopano. Ndamvetsa chifukwa chake "Message in a Bottle", nyimbo ya gulu la rock la The Police, imamveka yolemera ndi yogona ukaimenya motsatira mapepala a ma chord amene ali mbwee pa intaneti. Mapepalawo amalemba C#m, A, B, F#m, ndipo sakunama kwenikweni, koma Andy Summers, woimba gitala wa gululo, samenya zimenezo. Pa chord iliyonse iye amatenga noti zitatu zokha: ya patsinde, yachisanu, ndi ya 9. Noti yachitatu, imene imauza khutu kuti iyi ndi major kapena minor, mulibemo. Anaisiya dala.

Za kumene noti zimakhala pa gitala sindifotokoza, mukuzidziwa kale. Chord yoyamba: chala chamkombaphala pa fret 4 ya nsambo ya A, ndiye C#, kenako fret 6 pa nsambo ya D, kenako kachala kakang'ono pa fret 8 ya nsambo ya G. Noti imodzi imodzi, osakwapula zonse pamodzi. Mpangidwe womwewo mupite nawo pa nsambo yaikulu ya E: 5, 7, 9 ndiye A; 7, 9, 11 ndiye B; 2, 4, 6 ndiye F#, ndipo apa kachala kamatsetsereka kuchoka pa 6 kufika pa 7 (apa pokha noti yachitatu ija imangodutsa) musanabwerere poyambira. Chovuta chili pa F# ameneyu, chifukwa chakumutu kwa gitala ma fret ndi otalikirana, dzanja limakana kutambasuka. Ambiri amakoloweka chala chachikulu pamwamba pa khosi la gitala ngati akumenya blues, ndiye kachala kakang'ono sikafika, noti yomaliza imangoti phwii. Tsitsani chala chachikulucho chikhale kuseri, pakati pa khosi. Ndipo yambani kuzolowetsa dzanja pa 9, 11, 13 pomwe mpata ndi wochepa, muzitsika fret imodzi dzanja likavomera.

Koma zala si nkhani yaikulu. Chimene chinanditsekula maso n'chakuti gululi linamanga nyimbo zake pa zinthu zosiyidwa. Gitala wasiya noti yachitatu, ndiye mawu a Sting, woimba komanso womenya besi, ndi amene amatsala ndi ntchito youza womvera ngati pano pali chisoni kapena ayi. Ng'oma nazo zimasiya china: mu "Walking on the Moon", Stewart Copeland saponda ng'oma yaikulu pa kugunda koyamba, amadikira kwachitatu, monga one drop, kamenyedwe ka reggae ka Carlton Barrett wa The Wailers. Ife amene tinakula tikumva Evison Matafale ndi Black Missionaries, khutu lathu limadziwa kale mpata umenewo, kungoti sitiyembekezera kuupeza mu nyimbo za rock. Besi imamenya noti zochepa kenako n'kukhala chete, gitala n'kuponya chord imodzi yokha imene echo imaibwereza mpaka kuzilala. Anthu atatu ali ngati mafuwa: mphika wakhazikika, koma moto ukudutsa m'mipata.

Ukaona zimenezi, mbiri ya gululi imayamba kulongosoka yokha. Copeland, Mmereka amene anakulira ku Beirut, anayambitsa The Police ku London mu 1977 pofuna kukwera nawo pa funde la punk. Sting anamutenga ku Newcastle, kumene ankaphunzitsa sukulu masana n'kumaimba jazz ndi gulu la Last Exit usiku. Woimba gitala woyamba anali Henry Padovani wa ku Corsica, ndipo "Fall Out", nyimbo yawo yoyamba kutuluka, ndi punk yothamanga yopanda popumira. Summers analowa pakati pa chaka chomwecho. Iye anabadwa mu 1942, pamene Sting ndi wa 1951 ndipo Copeland wa 1952, ndiye anali atadya kale mchere wambiri ndi Zoot Money komanso Eric Burdon and the Animals. Padovani anachoka mu Ogasiti. Apa panatsala akatswiri atatu onamizira kuti ndi anyamata a punk, ndipo a punk enieni sanawakhulupirire. Reggae ndi imene inawapatsa pobisala: ankatha kuimba zochepa popanda kuimba zachibwana.

Mvetserani "So Lonely" pa chimbale cha Outlandos d'Amour cha 1978, chimene anajambulira ku Surrey Sound ku Leatherhead ndi mapaundi 1,500 obwereka kwa Miles Copeland, mkulu wake wa Stewart. Vesi ndi reggae yoyenda pang'onopang'ono pa C, G, Am, F, ndipo Sting mwini anavomera kuti anakatapa kwa Bob Marley. Kolasi ikafika, liwiro limawirikiza ndipo mipata yonse imatsekedwa. Msoko wa nsalu ziwirizi pamenepa ukuoneka poyera. Pofika pa Reggatta de Blanc mu 1979 anali atauphimba, ndipo "Message in a Bottle" inakhala nyimbo yawo yoyamba kufika pa nambala 1 ku Britain.

Njira imene ndikuilumbirira, ndipo sindimva za wina, ndi yochepetsa liwiro. Lowetsani nyimbo mu pulogalamu ya pakompyuta ya Audacity, mugwiritse Change Tempo osati Change Speed, chifukwa yachiwiriyi imatsitsanso mawu ndipo gitala wanu sagwirizananso nayo. Tsitsani ndi theka, kuchoka pa kugunda cha m'ma 150 pa mphindi kufika cha m'ma 75. Mverani katatu, ulendo uliwonse chida chimodzi chokha, mukuwerenga mokweza 1, 2, 3, 4, ndipo papepala muzilemba pamene chidacho chakhala chete, osati pamene chalira. Kenako menyani nayo limodzi, muziwonjezera 5 pokhapokha mwadutsa kanayi osaphonya. Ine ndimaona kuti mlungu umodzi wa zimenezi umaposa buku lililonse la mbiri ya rock. Dziwani chabe kuti pa theka mawu a hi-hat amanyenyeka, ndiye za Copeland zing'onozing'ono zija muzimve pa 75 peresenti ya liwiro lake lenileni. Chinanso, musathamangire kuponda distortion, kachipangizo kodetsa mawu a gitala. Summers ankadalira gitala wa Telecaster, chozunguza mawu (flanger) cha Electric Mistress ndi echo ya Echoplex, ndipo mukadetsa mawu noti ya 9 imayamba kulimbana ndi ya patsinde.

Chondinyansa ndi kaphunzitsidwe ka new wave, mtundu wa nyimbo umene unatsatira punk. Aphunzitsi ambiri amangokupatsa mndandanda: punk 1976, new wave 1978, MTV 1981, loweza. The Police, XTC, Squeeze ndi Duran Duran onse m'thumba limodzi ngati ankaimba zofanana. Palibe amene amayatsa nyimbo n'kufunsa kuti ng'oma yaikulu ili pati. Zoti Sting anakhalira piyano mwangozi n'kuseka koyambirira kwa "Roxanne" amakuuza msanga, chifukwa n'zosekesa, koma zoti nyimboyo anailemba ngati bossa nova ndipo Copeland ndiye anaitembenuzira ku tango, zimene zimafotokoza kadumphidwe kake, amazidumpha. Nthawinso siikwana. Teremu imatha musanafike n'komwe pa Zenyatta Mondatta ya 1980.

Pomwe ndikukayika ndi kumapeto. Kuyambira Ghost in the Machine mu 1981, yojambulidwa ku AIR Studios pa chilumba cha Montserrat ndi Hugh Padgham, malipenga ndi ma synthesizer anayamba kudzaza malo aja anali opanda kanthu. "Every Breath You Take" ya pa Synchronicity mu 1983, imene inakhala milungu 8 pamwamba pa Billboard Hot 100, ikadali ndi noti ya 9 ya Summers, koma noti yachitatu yabwereramo ndipo ng'oma zikuyenda mowongoka. Mtima umafuna kunena kuti mipata itatsekeka gulu linathera pomwepo, ndipo kukumana kwawo kwa 1986, Copeland atathyoka fupa la paphewa pogwa pa hatchi, kunabala "Don't Stand So Close to Me" yojambulanso ndi ng'oma za makina. Koma mwina ndikukakamiza mfundo imodzi kuti inyamule katundu woposa msinkhu wake, poti chimbale chimene chikunditsutsacho ndi chimenenso chinagulidwa kuposa zonse. Synchronicity sindinaidutsitse bwino pa theka la liwiro, ndiye pakali pano ndingoti kaya.