Ubongo wofanana mbali zonse unatipusitsa Lachitatu usiku

Lachitatu usiku anatitumizira kuno kojambula odwala bambo wa zaka za m'ma 70 kuchokera ku wodi ya amuna. Fomu inati anagwa panjinga masabata awiri apitawo, mutu ukuwawa, akuyankhula zosokonekera. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inali 7 yokha. CT, chithunzi cha mkati mwa mutu, inajambulidwa, amene anali pa kolo (pa ntchito usikuwo) anayang'ana filimu, naona kuti mzere wapakati pa ubongo uli pamalo pake ndipo kumanja kukufanana ndi kumanzere. Analemba kuti palibe vuto. Pofika Lachinayi m'mawa bambo aja sankayankhanso akaitanidwa.

Titatsegula zithunzi zomwezo pa kompyuta ya makina a CT, nkhani inali poyera: subdural (magazi oundana pakati pa ubongo ndi chikuto chake) mbali zonse ziwiri, iliyonse yokhuthala mamilimita oposa 12. Tonse tinaphunzitsidwa kuyerekeza mbali ina ndi inzake, ndipo njirayi imagwira ntchito. Magazi akaundana mbali imodzi amakankha septum pellucidum (kachikopa ka pa mzere wapakati), timayeza, ndipo ikasuntha kuposa mamilimita 5, kapena subdural yatsopano ikakhuthala kuposa mamilimita 10, a opaleshoni amaitanidwa. Koma magazi akakhala uku ndi uku, ubongo umapanikizika mofanana, mzere susuntha.

Chachiwiri chopusitsa ndi mtundu wa magaziwo pa chithunzi. Atsopano amawala, amakhala pa 50 mpaka 70 HU (muyeso wa kuwala pa CT). Pakatha sabata imodzi mpaka atatu amazilala n'kufika pa 35 kapena 40, pomwe pali grey matter, gawo lakunja la ubongo, moti amafanana nalo. Munthu wochepa magazi ngati bambowa, ngakhale magazi atuluke lero lomwe, akhoza osawala n'komwe. Komabe zizindikiro zinalipo ndithu. Makwinya a ubongo sankafika pa chigaza. Malire a grey matter ndi white matter, gawo la pansi pake, anali atakankhidwira mkati. Ma ventricle, timphako ta madzi mkati mwa ubongo, anali ang'ono, othinana, ngati a mnyamata wa zaka 20, pamene ubongo wa gogo umafota ndipo ma ventricle amakula. Ubongo wa munthu wokalamba ukaoneka wodzadza bwino chotero, uyenera kukuchititsa mantha.

Mnzathu uja sindikumuimba mlandu. Anapatsidwa filimu imodzi yokha, ya brain window, W80 L40 (window ndi mmene timachunira kuwala kwa chithunzi), chifukwa akuluakulu analamula kuti wodwala aliyense azisindikiziridwa imodzi, mafilimu akuchepa. Pafilimu sungasinthe window, sungayeze HU, sungaone coronal (chithunzi choonera mutu chakutsogolo), yomwe imaonetsa subdural ya pamwamba pa mutu mosavuta. Usiku kulibe radiologist, dokotala wowerenga zithunzi, ndipo netiweki yotumizira zithunzi ku wodi inafa kalekale. Contrast (mankhwala obaya mu mtsempha pojambula), yomwe ikanawalitsa mitsempha ya pamwamba pa ubongo n'kuonetsa kuti yachoka pa chigaza, inatha m'sitolo. Ndiye munthu yekhayekha, 2 koloko usiku, atanyamula filimu pa babu la m'khonde, timayembekezera kuti aone chiyani?

Bambo aja analowa ku fiyeta masana, anawaboola chigaza mbali zonse ziwiri. Loweruka anali atayamba kumwa phala, mwana wawo wamkazi akuwamwetsa.

Masiku enawo anali a nthawi zonse: a ngozi za kabaza, a sitiroko, ana okomoka. Koma Lolemba tinakumana ndi vuto lotembenuza la lija. Lamba wa chogwirira mutu anaduka, timangotsamiritsa ndi matawulo, ndipo mnyamata wina wosakhazikika anapendeketsa mutu. Ventricle imodzi inaoneka yaikulu, temporal lobe (gawo la ubongo la pafupi ndi khutu) ya kumanja ngati yatupa. Musanakhulupirire kusiyana kulikonse, onani kaye ngati ma lens a maso ndi mafupa a petrous (a mkati mwa makutu) a mbali zonse ziwiri akuoneka pa slice imodzi, chithunzi chimodzi chodula mutu mopingasa. Ngati sakutero, wongolani chithunzicho pa kompyuta ndi MPR kuchokera pa ma slice opyapyala m'malo momuwotchanso munthu ndi cheza. Titawongola, ubongo unali bwinobwino. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri athanzi ma ventricle awo safanana ndendende.

Pa sitiroko ya maola oyambirira ndi pomwe kuyerekeza mbali kumatipulumutsa. Lachisanu mayi wina anafa dzanja lamanja ndi kulephera kuyankhula. Pa W80 panalibe chooneka. Titachepetsa kufika W40 L40, insular ribbon (kamzere ka grey matter m'mbali mwa ubongo) ya kumanzere inali itafufutika pamene ya kumanja ikuoneka bwino.

Kalata yopempha lamba, mafilimu ndi contrast ndailembanso. Ndawonjezerapo pempho lakuti wa pa kolo usiku aziloledwa kukhala pa kompyuta ya makina ndi radiographer, wojambula uja, asanalembe lipoti.