Mwezi wachisanu ndi chinayi ndi hamonika: Juke ndayamba ndaiika pambali

Sabata ino ndamanga mfundo yomwe yandiwawa mumtima: pa phwando la mnzanga mwezi wamawa sindiimba Juke, nyimbo ya hamonika ya Little Walter wa ku America. Miyezi itatu ndakhala ndikulimbana nayo madzulo aliwonse ndikaweruka, pa hamonika yanga ya kiyi ya A, ndipo chiyambi chake chokwera chija tsopano chimatuluka bwino. Koma Lachiwiri ndinadzijambula pa foni popanda nyimbo yeniyeniyo kulira kumbuyo, ndipo nditamvetsera ndinazindikira pomwe pagona vuto.

Little Walter ankajambula nyimboyi ku Chicago mu 1952 ali ndi anzake: Muddy Waters ndi Jimmy Rogers pa magitala, komanso woimba ng'oma. Iye amaponya mawu pang'ono, nkupuma, anzakewo nkudzaza mpatawo. Ineyo ndikapuma pamalo omwewo, pamangoti zii, ndipo womvera sadziwa ngati nyimbo yatha kapena ndasokonezeka. Liwu lake lonenepa lija nalonso linkachokera pofumbata mayikolofoni pamodzi ndi hamonika m'manja, nkudutsa mu ampulifaya. Ine ndidzaima pakhonde ndi manja anga okha. Nyimboyi ndi yokhayo ya hamonika yopanda mawu oimba yomwe inafika pa nambala 1 pa ndandanda wa nyimbo za R&B wa magazini ya Billboard, ndipo ndidzabwererakonso ndikadzapeza wagitala. Pakadali pano ndikufuna nyimbo zodziyimira pazokha.

Ndiye ndabwerera kwa akale omwe ankaimba okha. DeFord Bailey wa ku Tennessee, yemwe ankamveka pa wailesi ya WSM ku Nashville mu pulogalamu ya Grand Ole Opry, ankatsanzira sitima ya Pan American yomwe inkadutsa kumeneko. Pakamwa pamodzi pomwepo pamachokera injini, mateyala ndi wenzulo. Zimenezi ndi zomwe ndasankha kukhala nyimbo yanga yoyamba, koma sitima yake ikhala yomwe makutu anga akuidziwa: ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, yomwe ndinaimva usiku wina nditagona ku Liwonde. Imabwera molemera, mosafulumira, ndipo imatenga nthawi kuti ithe kudutsa.

Kaimbidwe kake kamaoneka kophweka. Pakamwa pamaphimba mabowo atatu oyamba, kukoka mpweya kawiri, kuutulutsa kawiri, lilime likumenya ngati ukunena kuti "ta-ka, ta-ka". Chovuta ndi mpweya. Pokoka umalowa wambiri kuposa wotuluka, moti pakangotha mphindi imodzi chifuwa chimadzaza, mapewa nkukwera, liwiro nkuyamba kuthamanga lokha. Ndaphunzira kutulutsirako wina m'mphuno pamene ndikuuzira, komanso kupumira m'mimba. Ndimaika dzanja pamchombo kuti ndimve ngati pakuyenda. Lolemba ndinkatha masekondi 50 osasokonezeka, dzulo ndinafika mphindi ziwiri. Wenzulo ndimauimba pokoka bowo lachinayi ndi lachisanu pamodzi, ndikupinda liwu, kutanthauza kulitsitsa pang'ono, kenako nkulimasula. Mwana wa aneba anathamangira kumpanda kudzasuzumira, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Nyimbo yachiwiri ikhala blues yapang'onopang'ono ya mabala 12 (tizigawo tofanana ta kugunda kwa nyimbo) mu kiyi ya E, yopeka ndekha. Pamenepa ndikuphunzira pomvera Big Walter Horton, woimba hamonika wina wakale, makamaka nyimbo ya Easy yomwe anajambula ku Sun Records mu mzinda wa Memphis mu 1953. Mkulu ameneyu sathamanga. Amagwira liwu limodzi nkulinjenjemeretsa mpaka limalowa m'mafupa. Kuti ndisasowe wondiperekeza, ndikuimba motseka mabowo ndi lilime: liwu la nyimbo limatulukira kumanja kwa pakamwa, ndipo ndikanyamula lilime mabowo akumanzere amalira pamodzi ngati gitala ikuyankha.

Pomwe pakundivuta ndi pa bowo lachitatu. Pokoka limapindika masitepe atatu, ndipo lomwe ndikufuna ndi loyamba lija, lotsika pang'ono chabe, lomwe limapatsa blues chisoni chake. Ndikangolakwitsa pang'ono ndimatsetserekera pa sitepe lachiwiri, nyimbo nkusintha nkhope. Ndaika pulogalamu yoyezera liwu pa foni ndipo m'mawa uliwonse ndimathera mphindi 10 pa bowo limeneli basi.

Ndinaganizirako za kaimbidwe ka Sonny Terry, kofuula pakati pa mawu a hamonika ngati alenje akuthamangitsa nkhandwe, koma kusinthanitsa kukhosi ndi mpweya mwachangu chotero ndi ntchito ya chaka chamawa.

Nyimbo ziwiri zikwana, mphindi zisanu ndi imodzi zonse pamodzi. Sitima idzayamba, chifukwa imasonkhanitsa anthu ngakhale omwe blues sanaimvepo. Msuweni wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg ndi hamonika ina ya A, popeza kachitsulo ka bowo lachinayi pa yangayi kayamba kutsika liwu. Loweruka ndiziimba zonse ziwiri motsatizana, chiimire, pamaso pa alongo anga awiri, ndipo ndikalakwitsa sindiima.